Samuel Beckett ndi luso lochotsa

## M'chipinda cha amayi ake

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ili pafupi kutha ku Ulaya mu 1945, Samuel Beckett, amene anadzakhala mlembi wotchuka wa masewero ndi mabuku, anachoka ku France kupita kwawo ku Ireland kukaona amayi ake. Panali patadutsa zaka zoposa 5 asanaonane. Anawapeza atafooka, manja akunjenjemera ndi matenda a Parkinson. Anali atasamuka m'nyumba yaikulu imene iye anakuliramo, akukhala m'kanyumba kotchedwa New Place, komweko ku Foxrock, kummwera kwa mzinda wa Dublin. Mwana wawoyo anali ndi zaka 39, ndipo zoti angaloze kuti ndi mlembi zinali zochepa: kabuku konena za mlembi wa ku France Marcel Proust, ndakatulo zowerengeka, buku la nthano zifupizifupi, ndi nthano yaitali ya Murphy imene ofalitsa mabuku ambirimbiri anaikana isanatuluke mu 1938. Inanso, ya Watt, inali ikadali pamapepala, yosowa woifuna.

M'chipinda cha amayi akewo ndi momwe maso ake anatseguka. Sikunagwe mphezi ayi. Anangoona kuti njira imene wakhala akuyendamo inali ya eni ake. James Joyce, mlembi wamkulu wa ku Ireland yemwe Beckett ankamulemekeza ngati bambo, anali atafika kale kumathero a njira yodziwa zambiri. Osindikiza akamutumizira tsamba kuti akonze, Joyce ankalibweza litachuluka mawu kuposa mmene linabwerera. Beckett anazindikira kuti munda wake uli kwina: kuumphawi, kukusadziwa, kukulephera, kochotsa osati koonjezera. Mdima umene ankalimbana nawo kuti usaonekere m'zolemba zake ndiwo unali chuma chake chenicheni. Izi anadzafotokozera James Knowlson, amene analemba mbiri ya moyo wake, iye atakalamba kale.

Chimene chimandikoka pankhaniyi ndi zimene anachita nayo patapita zaka 13. Mu sewero la Krapp's Last Tape, la mu 1958, nkhalamba ya zaka 69 yotchedwa Krapp ikumvetsera tepi imene inadzijambula ili ndi zaka 39, msinkhu womwewo wa Beckett ku Foxrock. Mawu a mutepi akusimba monyadira za usiku wina wa mkuntho padoko, mafunde akuwomba, pamene zonse zinaululika. Atangotsala pang'ono kunena chimene chinaululikacho, nkhalambayo imatukwana, imazimitsa makina, n'kuthamangitsa tepi kutsogolo. Ikufuna gawo lina, la mtsikana m'bwato. Taonani apa: mlembi watenga mphindi yaikulu kuposa zonse pamoyo wake, waipereka kwa munthu wolephera, ndipo waidula pakati oonerera asanamve mutu wake. Phunziro la m'chipinda chija analigwiritsa ntchito ngakhale pankhani ya chipinda chomwecho. Ndipo anauza Knowlson kuti alembe momveka: za doko ndi mkuntho ndi za Krapp, zake zinachitikira m'chipinda cha amayi ake basi.

## Asanafike pamenepo

Anabadwa pa 13 April 1906, tsiku Lachisanu Loyera, m'banja lachipolotesitanti lopeza bwino. Amayi ake, a May, anali namwino asanakwatiwe. Bambo ake, a Bill, ntchito yawo inali yowerengetsera zomangamanga: njerwa zingati, matabwa angati, ndalama zingati. Sungani mfundo imeneyi, chifukwa mwana wawo anadzakhala wowerengetsera wa pasiteji.

Ku Trinity College ku Dublin anaphunzira Chifalansa ndi Chitaliyana, n'kumasewera kiriketi mwaluso. Mu 1928 anapita ku Paris kukaphunzitsa Chingerezi pa École Normale Supérieure, ndipo kumeneko ndi komwe mnzake wolemba ndakatulo, Thomas MacGreevy, anamufikitsa kwa Joyce. Atabwerera ku Trinity kukaphunzitsa sanakhalitse, anatula pansi ntchitoyo kumapeto kwa 1931. Bambo ake atamwalira mu 1933 thupi ndi maganizo zinasokonekera, mpaka anakhala pafupifupi zaka ziwiri ku London akuthandizidwa ndi dokotala wa maganizo, Wilfred Bion. Zolemba zake za nthawi imeneyo ndi za mnyamata wanzeru amene akufuna mudziwe kuti ndi wanzeru. Chiganizo chilichonse chasenza katundu wa Dante, wandakatulo wakale wa ku Italy, wa Chilatini, wa nthabwala zoti amve ophunzira okhaokha. Zimasekesa ndithu, koma zimatopetsa.

Mu January 1938, atangokhazikika ku Paris, munthu wina dzina lake Prudent anamubaya ndi mpeni pachifuwa usiku mumsewu. Mpeniwo unaphonya mtima pang'onong'ono. Atakumananso kubwalo la milandu, Beckett anamufunsa chifukwa chake, ndipo Prudent anangoyankha kuti sakudziwa, n'kupepesa. Mmodzi mwa anthu amene ankabwera kudzamuzonda m'chipatala anali Suzanne Dechevaux-Dumesnil, yemwe anakhala naye kuchokera pamenepo mpaka imfa.

Kenako nkhondo. Monga nzika ya Ireland, dziko limene silinalowerere nkhondoyo, akanatha kukhala phee. Koma mu 1941 analowa gulu lachinsinsi lolimbana ndi Ajeremani lotchedwa Gloria SMH, n'kumasonkhanitsa, kumasulira ndi kutayipa mauthenga opita ku London. Mu August 1942 wansembe wina, Robert Alesch, anapereka gululo. Mnzake wapamtima, Alfred Péron, anagwidwa ndipo anamwalira mu 1945 atangotulutsidwa kumene kundende ya Mauthausen. Beckett ndi Suzanne anathawira kumudzi wa Roussillon kummwera kwa France, komwe ankagwira ganyu m'minda kuti apeze chakudya. Nkhondo itatha, pambuyo pa ulendo wa ku Foxrock uja, anakagwira ntchito pachipatala cha Red Cross ya ku Ireland mumzinda wa Saint-Lô ku France, umene mabomba anausandutsa bwinja. Anali wosunga katundu, womasulira komanso dalaivala. Munthu amene analowa m'chipinda cha ku Foxrock ndiye ameneyo: wodziwa njala, nsapato zothina, ndi kudikirira uthenga wosabwera.

## Chifalansa, ndi miyala 16 ya Molloy

Chinthu choyamba chimene anachotsa chinali chinenero chake chobadwa nacho. Kuyambira mu 1946 anayamba kulemba mabuku ake m'Chifalansa, ndipo chifukwa chimene ankapereka n'chakuti m'Chifalansa zinali zosavuta kulemba mopanda zokometsera. Kwathu kuno ambiri timathamangira ku Chingerezi kuti zolemba zathu zioneke zolemera. Iye anathawa Chingerezi chifukwa chinkamulemeretsa mopyola. M'chinenero chobadwa nacho mawu amabwera okha, atagwirana manja ndi miyambi, nyimbo ndi mavesi a m'Baibulo la ubwana. M'chinenero chophunzira, liwu lililonse umalisankha uli maso.

Pakati pa 1946 ndi 1950 anadzitsekera m'kachipinda kake ku Paris n'kulemba pafupifupi zonse zimene zinamutchukitsa: nthano zazitali za Molloy, Malone meurt ndi L'Innommable, ndi sewero la En attendant Godot (Kudikirira Godot). Suzanne ndiye ankayenda ndi mapepalawo khomo ndi khomo, mpaka Jérôme Lindon wa kampani yofalitsa mabuku ya Éditions de Minuit anawalandira n'kutulutsa Molloy mu 1951. Pambuyo pake Beckett ankamasulira yekha zambiri mwa zolemba zake kupita ku Chingerezi, ntchito imene ankadandaula nayo moyo wake wonse.

Kuti mumve mmene kuchotsaku kumagwirira ntchito patsamba, tengani nkhani ya miyala. Molloy, nkhalamba yolumala miyendo, watola timiyala 16 m'mbali mwa nyanja toti azimung'unya. Ali ndi matumba anayi: awiri a chijasi, awiri a buluku. Poyamba waika inayi m'thumba lililonse. Akatenga mwala m'thumba lakumanja la chijasi, amalowezapo wochokera m'thumba lakumanja la buluku, apo n'kulowezapo wa kumanzere kwa buluku, apo wa kumanzere kwa chijasi, ndipo womung'unyidwa uja umapita kumanzere kwa chijasiko. Vuto nali: mwangozi ingakhale miyala inayi yomweyomweyo imene ikuzungulira, ina 12 osakhudzidwa n'komwe. Matumba 16 akanathetsa nkhani, koma alibe. Atavutika masamba angapo akupeza yankho: asiye kufuna kuti matumba alingane. Aike 6 kumanja kwa chijasi, 5 kumanja kwa buluku, 5 kumanzere kwa buluku, thumba lakumanzere kwa chijasi likhale lopanda kanthu. Azimung'unya ya m'thumba loyamba umodziumodzi n'kumaponya m'thumba lopanda kanthulo mpaka loyambalo litatha, kenako asunthe gulu lililonse lathunthu kupita thumba lotsatira. Masamu ake ndi oona, mukhoza kuyesa ndi nyemba. Koma tsopano thupi likulemera mbali imodzi. Ndiye pamapeto pake akuti zonsezi analibe nazo ntchito, anataya miyala yonse n'kutsala ndi umodzi, umenenso sanachedwe kuutaya, mwina anaumeza.

Mulibe nkhondo m'masamba amenewo, mulibe chikondi, mulibe malo okongola. Muli munthu mmodzi, matumba anayi, ndi nzeru zikuthera pa chinthu chachabechabe. Owerenga ena amaponya buku pansi akafika pamenepa. Ine ndimati ndi masamba oseketsa kuposa onse amene analemba.

## Zofunika kuti Godot ayende

Seweroli analilemba m'kope la ana asukulu kuyambira pa 9 October 1948 mpaka pa 29 January 1949, ndipo linaonetsedwa koyamba pa 5 January 1953 ku Théâtre de Babylone ku Paris, wotsogolera ali Roger Blin. Malangizo a malo ndi afupi zedi: msewu wa kumudzi, mtengo, madzulo. Azisudzo ndi asanu: Vladimir ndi Estragon, amene akudikirira munthu wotchedwa Godot yemwe sabwera, Pozzo, bwana wodutsa pamsewupo, Lucky, kapolo wake, ndi kamnyamata. Katundu wake angakwane mungolo imodzi: zipewa zolimba zozungulira, nsapato za Estragon, chingwe cha m'khosi mwa Lucky, chikwapu, chikwama cholemera, kampando kopinda, basiketi ya chakudya, chijasi, kaloti ndi mafupa a nkhuku. Magawo ndi awiri, ndipo kusiyana kwake kumawerengeka pa zala: mtengo wamera masamba anayi kapena asanu, chingwe chafupika, Pozzo wachita khungu, Lucky sakutha kuyankhula.

Zikuoneka zosavuta, n'chifukwa chake magulu ambiri amagwa nalo. Kugwa koyamba ndi kuthamangira kudzaza malo achete. M'mawu a seweroli muli kupuma kwakufupi ndi chete wautali, ndipo ziwirizi si chinthu chimodzi. Kupuma ndi pomwe munthu akufufuza choti anene. Chete ndi pomwe chonena chatheratu ndipo onse awiri akumva phompho lili pansi pawo. Wazisudzo wamantha amaika kachifuwa, kukanda mutu kapena kuyenda pamalo oterewa, ndipo phompho lija limakwiririka.

Kugwa kwachiwiri ndi kupendekera mbali imodzi. Mu January 1956 ku Miami analilengeza ngati sewero lophulitsa nthiti, muli katswiri wa nthabwala Bert Lahr, ndipo anthu ambiri anatuluka lisanathe. Ena amalakwira mbali inayo: amaliyendetsa mwachisoni ngati mwambo wa maliro, mawu onse olemera, mpaka oonerera kuwodzera. Beckett ankafuna zonse ziwiri nthawi imodzi, ndipo umboni wake ndi buluku. Kumapeto kwa seweroli Estragon amamasula chingwe cha m'chiuno kuti aone ngati angadzimangirire nacho pamtengo, ndipo buluku limagwa. Atamva kuti wazisudzo wa ku Paris ankaligwira lisanafike pansi, Beckett analembera Blin kalata patangopita masiku ochepa, kumuuza kuti buluku ligwe lonse mpaka mu akakolo. Pamphindi yomwe anthu awiri akukambirana zodzipha m'pamene payenera kukhala chinthu chochititsa manyazi ndi choseketsa. Mukachotsapo chimodzi, chinacho chimafa.

Palinso mawu a Lucky, pafupifupi 700 otuluka ngati madzi osefukira, opanda mpumiro. Wazisudzo amene amangowabwebweta amataya oonerera pasanathe mphindi. Mkati mwake muli msana: Mulungu amene sasamala, munthu amene akufota ngakhale akudya bwino ndi kuchita masewera, ndi dziko limene likusanduka miyala yozizira. Woloweza agwire kaye zigawo zitatuzo, liwiro libwere pambuyo. Pamene Beckett anatsogolera yekha seweroli ku Schiller Theater ku Berlin mu 1975, anajambula m'kope mayendedwe onse a azisudzo, mizere ndi mauta, ngati gule. Vladimir anamumangiriza ku mtengo ndi kumwamba, Estragon ku mwala ndi pansi.

Amene sanavutike kulimva ndi akaidi. Mu November 1957 gulu la Herbert Blau linalionetsa kwa akaidi 1,400 kundende ya San Quentin ku California. Analisankha mwa zina chifukwa mulibe mkazi. Anthu amene ntchito yawo ya tsiku ndi tsiku ndi kudikirira sanafune wowamasulira, ndipo mmodzi mwa akaidi a kumeneko, Rick Cluchey, anadzakhala wazisudzo wogwira ntchito ndi Beckett mwiniwakeyo. Ku South Africa nakonso linagwira mtima. Beckett anali mmodzi mwa alembi amene mu 1963 anakana kuti masewero awo azionetsedwa m'nyumba zosankha mtundu, ndipo mu 1980 John Kani ndi Winston Ntshona anasewera Vladimir ndi Estragon ku Baxter Theatre ku Cape Town. Anthu awiri akuda akudikirira m'mbali mwa msewu, mzungu wachikwapu akudutsa: panalibe chofunika kuonjezera.

## Thupi likunka lichepa

Mukaika masewero ake pamzere mumaona mpeni ukudula chaka ndi chaka. Mu Endgame, la mu 1957, Hamm ndi wakhungu ndipo sangaimirire, Clov sangakhale pansi, makolo a Hamm alibe miyendo ndipo akukhala m'mabini awiri a zinyalala. Mu Happy Days, la mu 1961, Winnie wakwiririka m'chulu mpaka m'chiuno, ali ndi chikwama cha mswachi, kalilole, mfuti ndi zina, komanso ambulera imene iyenera kuyaka moto pa nthawi yake. M'gawo lachiwiri dothi lafika m'khosi, mutu sungatembenuke, chatsala ndi maso ndi mawu.

Play, la mu 1963, ndi pomwe mwana wa wowerengetsera uja akuonekera bwino. Pasiteji pali mitsuko itatu yotuwa yofanana, yotalika pafupifupi yadi imodzi, kapena kuti masentimita 90, yogundana. M'kamwa mwa mtsuko uliwonse mwatuluka mutu: mwamuna pakati, mkazi wake mbali ina, chibwenzi chake mbali inayo. Munthu wamkulu sangakwane mumtsuko wotere ataimirira, choncho pali njira ziwiri: kuboola pansi pa siteji kuti aimirire m'dzenje, kapena agwade sewero lonse, mtsuko uli wotsegula kumbuyo. Zokhala pampando Beckett anazikaniratu, chifukwa mitsuko imafufuma n'kuoneka ngati migolo. Amene amayankhulitsa mituyo ndi nyali imodzi. Ikawala pankhope munthu ayambe pompo, ikachoka adule ngakhale pakati pa liwu. Nyaliyo iyenera kukhala imodzi yotembenuka, yoikidwa pansi kutsogolo kwa siteji, osati zitatu zoyatsa ndi kuzimitsa, chifukwa oonerera ayenera kumva kuti pali wina mmodzi amene akufunsa mafunso. Apa ndi pomwe magulu amapunthwa: amatenga wa magetsi tsiku lomaliza. Wa magetsi mu seweroli ndi wazisudzo wachinayi, ayenera kuloweza mawu onse ndi kuyeserera nawo kuyambira tsiku loyamba. Akachedwa ndi theka la sekondi, kufunsa kuja kumasanduka kucheza. Ndipo sewero likafika kumapeto, malangizo akuti libwerezedwe lonse.

Not I, la mu 1972, latsala pafupifupi ndi pakamwa pokha. Siteji yonse ili bii, kupatula munthu womvetsera wosayankhula wooneka pang'ono chabe pambali, ndipo pamtunda wa mafiti 8 kuchokera pansi, pafupifupi mamita awiri ndi theka, pali milomo ya mkazi yowalitsidwa ndi kanyali kakang'ono. Kuti zimenezi zitheke, wazisudzo amakwezedwa pansanja, nkhope yonse kupakidwa zakuda kusiya milomo, thupi kuphimbidwa, mutu kumangidwa kuti usasunthe, chifukwa akangosuntha pang'ono milomo imatuluka m'kuwala. Billie Whitelaw, amene analisewera ku Royal Court ku London mu 1973, anakomokapo poyeserera: mumdima wotero, womangidwa, ukuyankhula mopanda kupuma, thupi limaiwala kumene kuli pansi. Ankalimaliza m'mphindi pafupifupi 15. Jessica Tandy, amene analiyamba ku New York, ankatenga zoposa 20, ndipo Beckett anali atanena kuti sakudera nkhawa zoti liwu lililonse limveke, akufuna ligunde mitsempha ya oonerera osati nzeru zawo. Mdani wamkulu wa seweroli ndi kuwala kobera: kanyali ka pakhomo lotulukira, foni ya munthu mmodzi. Maso a oonerera akangozolowera n'kuona nsanja ndi mapewa, milomo yoyandama ija yatha, chatsala ndi mayi womangidwa pampando.

Breath, la mu 1969, mulibe munthu n'komwe. Zinyalala zomwazika, popanda choimirira. Kuwala kochepa masekondi 5, kulira kwa khanda, mpweya wokoka pamodzi ndi kuwala kokwera masekondi 10, chete masekondi 5, mpweya wotuluka ndi kuwala kotsika masekondi 10, kulira komweko, chete masekondi 5. Onse pamodzi 35. Ngakhale mphamvu ya nyali anaiyeza: pa sikelo ya 0 mpaka 10, iyende kuchoka pa 3 kufika pa 6.

## Amene anaonjezera

Breath lomwelo ndi limene linamupsetsa mtima koopsa. Analipereka kwa Kenneth Tynan kuti likhale chotsegulira chionetsero cha Oh! Calcutta! ku New York, ndipo kumeneko anagonekamo anthu amaliseche pakati pa zinyalala zija. Mu 1984 American Repertory Theater inaika Endgame mumsewu wa sitima zapansi panthaka wogumuka, wotsogolera ali JoAnne Akalaitis. Beckett anafuna kuliletsa, ndipo anamvana zoti m'kabuku ka oonerera muikidwe mawu ake okana chionetserocho. Mu 1988 anasumira gulu la ku Haarlem ku Netherlands chifukwa chopereka mbali za Godot kwa akazi, mlandu n'kumugomera. Atamwalira, oyang'anira zolemba zake anapitiriza mwambowo: mu 1994 analetsa sewero la Footfalls la wotsogolera Deborah Warner ndi wazisudzo Fiona Shaw kupitirira London chifukwa chosintha malo oyendamo ndi kusuntha mawu ena. Mpaka lero gulu lofuna kuonetsa sewero lake limayenera kupempha chilolezo, ndipo chilolezocho chimabwera ndi lamulo lotsata malangizo.

Pankhani ya akazi ndikuona kuti anaumitsa khosi pachabe. Kudikirira kulibe mwamuna kapena mkazi. Koma pa zinazo ndili kumbali yake. Kwa alembi ambiri malangizo a pasiteji ndi uphungu chabe, sewero lili m'mawu. Kwa Beckett kutalika kwa mtsuko, masekondi a chete ndi mphamvu ya nyali ndi mawu a seweroli ndithu, monga mmene zizindikiro za kupuma zilili mbali ya nyimbo yolembedwa. Munthu amene wachotsa zonse n'kusiya zinthu zitatu, mukamuonjezera chachinayi mwasintha gawo lalikulu la ntchito yake.

Ulemu nawo ankauona ngati choonjezera. Mphoto ya Nobel itamupeza mu 1969 ali ku Tunisia, Suzanne, amene anali atakwatirana naye mwakachetechete ku Folkestone mu 1961, anaitcha tsoka. Ku Stockholm kukalandira mphotoyo sanapiteko, Lindon ndiye anapita m'malo mwake, ndipo ndalama zake zambiri anazigawa.

## Mapazi 9

Amayi ake anamwalira mu August 1950 m'nyumba yosamalira odwala pafupi ndi ngalande ya Grand Canal ku Dublin. Mu Krapp's Last Tape imfayo ilimo: munthu wakhala pabenchi panja, akuponyera kagalu mpira, n'kuona katani ya pawindo ikutsitsidwa. Koma kumene anabwereradi kuchipinda chija ndi mu Footfalls, sewero limene analembera Whitelaw n'kulitsogolera yekha ku Royal Court mu 1976, ali ndi zaka 70, kutatsala zaka 13 kuti amwalire pa 22 December 1989, miyezi isanu pambuyo pa Suzanne.

Mkazi wa imvi, wovala nsanza zotuwa, akuyenda uku ndi uku kunja kwa chipinda cha amayi ake odwala. Dzina lake ndi May. Amayiwo sitiwaona, timangomva mawu awo kuchokera mumdima. Poyendapo ndi kampata kotambalala mita imodzi, kotalika moti amaponda mapazi 9 kuti afike kumapeto. Poyamba analemba 7, atayesa pasiteji anasintha. Amayamba ndi phazi liti, amatembenukira mbali iti akafika kumapeto, zonse zinajambulidwa. Kuwala n'kochepa, kwamphamvu pansi pamapazi, kocheperako pathupi, kochepetsetsa kumutu, mosemphana ndi mmene wa magetsi aliyense anaphunzirira. Phazi lililonse liyenera kumveka, moti ku London anamata sandipepa kunsi kwa nsapato zofewa za Whitelaw kuti zizikhwekhwereza. Pansi pakakhala kapeti, kapena wazisudzo akathamangira, theka la sewero latayika, pakuti mayi wa mumdima uja amawerenga mapaziwo mokweza.

Magawo ndi anayi, ndipo lililonse limayamba ndi kabelu. Ulendo uliwonse kabeluko kamalira motsikirapo, kuwala kumacheperapo, May amayenda mochedwerapo. Kachinayi belu limangomveka patalipatali, nyali imayaka pang'onong'ono pa kampata kaja, ndipo palibepo munthu. Wa magetsi awerenge masekondi 10, azimitse.